Mpira umodzi uphulike lero

Mpira unabwera ndi boma. Bambo wina wa zachitukuko anafika nawo ku Kande pamodzi ndi wezulo, nati amayi azisewera ntchembere mbaye, dziko likufuna matupi olimba. Amuna athu anatizikira mitengo ya magoli kuseri kwa sukulu. Tikatha kuyanika chinangwa tinkathamangira komweko, makanda n'kuwagoneka pa zitenje pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali wochinya.

Chaka chotsatira mawu anatembenuka. Bwalo ndi lophunzirirapo magule okavinira akuluakulu, wezulo ndi wa gule, mpira uyambe wapuma. Ife tinati tsiku lopanda gule palibe mlandu, tinakasewera. Tinaiwala kuti wezulo amamveka mpaka kumsewu.

Anatulukira anyamata a chipani, malaya ofiira, patsogolo tcheyamani wawo, munthu woti tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Anzanga anabalalikira m'minda, aliyense mwana wake kumsana. Ine ndinali kugoli lakutali. Pomwe ndimafika pamango paja, mwana wanga anali kale m'manja mwa tcheyamani.

"Ama, si inu katswiri? Tiphunzitseni."

"Ada, chonde, khosi lake silinalimbe."

Tcheyamani anaponyera mnzake mwanayo. Mnzakeyo anamuwakha, akuseka. "Mpira wake ndi wonyowa uwu, a tcheya!"

Mwana sanalire. Anangoyasama, mawu osatuluka. Maso anga anali pa manja awo, uyu akuseka kwambiri amugwetsa, uyo akuyang'ana kumbali, winayo sadziwa kuwakha, sadziwa, ndikuona mmene waimikira mapazi, ndipo wotsatira ndi iyeyo.

Tcheyamani anatola mpeni wathu wosendera chinangwa n'kuuponya pamapazi panga. "Mpira umodzi uphulike lero. Sankhani."

Ndinagwada, ndinaubaya mpira uja, ndinaubayanso, mpaka unaphwa. Mwana sanandipatse m'manja, anamusiya pamchenga. Kwa miyezi, ukangomunyamula mwachangu ankauma thupi lonse.

Sipanapite nthawi yaitali boma linakumbukanso masewera. Kuli mpikisano ku Chintheche, Kande itumize timu. Amene anabweretsa mpira watsopano ndi tcheyamani yemweyo, akumwetulira.

"Ama wochinya, wakhani!"

Mwana wanga anali atayamba kuyenda, atagwira chitenje changa. Tcheyamani anamuyang'ana iye kaye, kenako anaponya.

Ndinawakha. Ku Chintheche ndinapita, ndinachinyanso, khamu likukuwa, ine maso ali kunja kwa bwalo kumene ndinamusiya mwana.