A Dumphitsa ndi Filimu ya Basi Yakufa

Dzina lenileni la amuna anga anthu analiiwala kalekale. Aliyense amangoti a Dumphitsa, ndipo dzinali analitengera kuntchito. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, iwo ndi amene ankaonetsa mafilimu mu holo ya kuseri kwa msika, ija ya mabenchi otsina matako ndi makatani akuda onunkha fumbi. Ankakhala pakampando kawo pambali pa deki, limoti ili m'manja. Filimu ikafika poti anthu akungokambirana, osaponyerana zibakera, holo yonse inkaimba likhweru n'kukuwa kuti, "Dumphitsa! Dumphitsa!" Iwo n'kudina batani, zokambirana zija n'kudutsa, mpaka pamene galimoto ikugubuduka kapena wina akuthyoledwa khosi. Filimu ya maola awiri inkatha mu ola limodzi, aliyense n'kutuluka atakhutira.

Ntchitoyo ankaidziwa, pamenepo ndisawanamizire. Mwini holo ankadzitama kuti chala cha amuna anga chimamva likhweru lisanalire. Koma akabwera kunyumba ankavula nsapato n'kunena kuti, "Amayi, lero ndapha mafilimu atatu." Ine ndinkangoti sambani m'manja mudye, wakufa ndani apa.

Filimu imene yatisautsa m'nyumba muno inabwera mwangozi, m'katoni ya zimbale zakale zimene mwini holo anapatsidwa ndi m'bale wake. Inalibe chikuto, inalibe chithunzi. Amuna anga anaiika m'mawa wina kuti angoona ngati ikugwira ntchito, ndipo anabwera kunyumba masana maso ali psuu. Ndinaganiza kuti kwachitika maliro.

Ndikuuzeni nkhani yake, musaope, siitenga nthawi. Kuli mlonda wokalamba amene amalondera pamalo pogona mabasi. Kuseri kwa mpanda kuli basi yakufa, yopanda matayala, udzu unamera mpaka pa chitseko. Tsiku lililonse mkuluyo amatenga ndowa ndi kansanza n'kukatsuka magalasi a basiyo. Kwatha. Filimu yake ndi imeneyo. Mulibe mfuti, mulibe chibwenzi, ngakhale galu wouwa mulibe. Chapakati pake kumagwa mvula, mkuluyo amalowa m'basimo, n'kukhala pampando wa dalaivala manja ali pachiwongolero. Amakhala pamenepo maminitsi khumi ndi anayi. Sindikukokomeza, ndinayang'ana pa wotchi ndekha. Mvula ikungoti waa padenga, iye ali duu, ndipo chokhacho chimene amachita n'kukhosomola katatu.

Loweruka lotsatira amuna anga anachita zamisala. Holo itadzaza masana, anaika filimuyo n'kulowetsa limoti m'thumba la thalauza. Anthu anapirira pang'ono poganiza kuti mwina mlondayo ali ndi mfuti mu ndowamo. Kenako likhweru linayamba. Anakuwa dzina lawo mpaka mawu kusasa, wina anaponya botolo, wina nsapato, iwo angoti phee manja atapinda pachifuwa. Mvula ija isanakate mu filimumo, anthu onse anali atatuluka, kupatula mkulu wina woledzera amene ankaliza mkonono pabenchi yakumbuyo. Mwini holo anawaloza chala n'kunena kuti, "Mukadzayesanso zimenezi, mudzatenge jekete lanu." Chimbalecho anawaponyera kumapazi, iwo n'kuchitola, kuchipukuta ndi malaya, n'kubwera nacho kuno.

Munthu wina akanagwa mphwayi pomwepo. Osati awa. Anati anthu a mu holo ndi ana, anazolowera zotsekemera, tiyeni tipite kwa ophunzira. Panali mphunzitsi wina wa kukoleji amene ankalemba za mafilimu mu nyuzipepala, wa ndevu zometa mozungulira pakamwa. Amuna anga anasita malaya okha, kukwera minibasi ziwiri, kukamupatsa chimbalecho ndi manja awiri. Patatha milungu itatu nyuzipepala inatuluka. Mphunzitsiyo analemba kuti filimuyo ndi mankhwala a tulo, ndipo amene anaijambula ayenera kuti anapita kukamwa tiyi n'kuiwala kuzimitsa kamera. Amuna anga anamulembera makalata asanu omuyankha, koma palibe ngakhale imodzi inasindikizidwa. Chaka chathachi mkamwini wathu anabwera kudzathira mchere pabala. Anafufuza pa foni n'kutiuza akuseka kuti, "Abambo, dziko lonse laipatsa nyenyezi ziwiri pa khumi." Iwo anangoti, "Wamisala anaona nkhondo," n'kutuluka panja.

Ine ndiye musandifunse. Ine ndimakonda zija za apongozi ankhanza, mwana wosinthidwa kuchipatala, mkwatibwi wothawa pakhomo la tchalitchi. Ndilire, nditukwane tivi, ndikagone mtima uli myaa. Filimu ya basiyo ndinaiyesa kanayi pazaka zonsezi, ndipo kanayi konse ndinadzidzimuka itatha, malovu ali pa phewa. Ndinkawauza kuti, "Abambo, chinakukomerani n'chiyani pamenepa? Munthu wangokhala!" Iwo ankayankha kuti, "Sanangokhala. Yang'anani bwino." Yankho lawo linali lomwelo chaka ndi chaka, mpaka linandikwana.

Holo ija inatsekedwa anthu atayamba kuonera mafilimu pa mafoni. Pano amagulitsiramo matiresi. Amuna anga anabwera ndi deki yakale ndi kampando kawo, n'kuyamba kukonza mawailesi pakhonde. Ndi pamenepo pamene ndinaona kuti akupapasa sikuludalaivala ili pamaso pawo penipeni. Tinapita kuchipatala. Dokotala anawaunika ndi katochi nthawi yaitali, kenako anandiitanira pambali ngati kuti eni maso ndine. Anati mitsempha ya m'maso ikufa, tachedwa, mankhwala odontheza angochedwetsa chabe. Kuona kwawatsalira mwina miyezi isanu ndi umodzi, mwina osafika.

Kalanga ine! Njira yonse yobwerera ndinkaganiza za masitepe a pakhomo, za moto wa pambaula, za mmene ndizidzawasiyira okha ndikapita kumsika kukasoka. Titatsika minibasi anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndidzafa nayo ndekha." Ndinafunsa kuti chiyani, nthendayo? Anati ayi, filimu.

Ndinapsa mtima, ndisabise. Munthu akuchita khungu, nkhawa yake ili pa basi yopanda matayala! Koma nditawayang'ana kumaso mkwiyo unatha. Sankanena zoseka. Ankafuna munthu mmodzi, mmodzi yekha padziko lonse lapansi, woti aonere nawo mpaka kumapeto n'kuona chimene iwo amaona, maso asanatsekeke.

Ndiye tinayamba kusaka munthu. Ine ndinkagula zakumwa, kusesa pabalaza, kuitana anthu ngati pali chinkhoswe cha mwana. Achimwene awo anabwera, anakhala theka la ola, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya mpope wotsegula. Mnzawo wokonza njinga anagona mpaka chipewa kugwa. Mwana wathu wamkazi anayesetsa, mwanangayo, koma maso ake anali pa foni imene anabisa pansi pa pilo, ndipo bambo ake anaona kuwala kwake ngakhale ndi maso ofookawo. Mkamwini anafika mpaka pa mvula paja n'kufunsa kuti, "Kodi chimbalechi sichinaime?" Anthu anayamba kudutsa kutali ndi geti yathu. Ena akandiona kumsika ankati, "Mai a Dumphitsa, basi ija yanyamuka?" Ndinkangoseka nawo.

Pamwezi wachinayi anali atasiya kuona nkhope. Tivi ankaiona ngati nsalu yoyera yoyanikidwa patali. Tsiku lina masana, nditangobwera ndi mtolo wa zosoka, anandiitana.

"Amayi, mwatsala ndinu."

"Ine? Abambo, mukundidziwa ine."

"Ndikukudziwani. Khalani apa. Muzindiuza zimene mukuona, ine ndizimva ndi makutu. Mukafika nayo kumapeto, mwina muona."

Anandipatsa limoti. Zaka zonsezi limoti imeneyo sinakhudzidwepo ndi dzanja la munthu wina, ngakhale popukuta fumbi.

Ndinamwa tiyi wowawa makapu awiri, ndinakhala pampando wolimba kuti tulo tisanditenge. Ndinayamba bwino ndithu. Ndinkati apa watenga ndowa, apa wafinya kansanza, apa akupukuta galasi lakumanzere. Iwo ankagwedeza mutu akumwetulira, nthawi zina n'kunditsogolera kuti, "Tsopano ayang'ana kumwamba." Ndipo ankayang'anadi. Tinayenda choncho pafupifupi ola, mpaka mvula ija inayamba.

Mkuluyo analowa m'basi n'kukhala. Ndinati wakhala, manja ali pachiwongolero. Anakhosomola koyamba. Ndinati wakhosomola. Kenako ndinasowa chonena. Mvula waa, waa. Zikope zinayamba kulemera, msana unkawawa, pa tebulo panali madiresi atatu a ukwati ofunika mawa lake. Ndinayang'ana amuna anga, maso awo ali mbee kuyang'ana khoma. Ndinayang'ana limoti m'manja mwanga. Mumtima ndinati, saona awa, ndipo mvula ndi mvula basi, ya pano ndi ya patsogolo imamveka chimodzimodzi. Holo yonse inkachita zimenezi kwa zaka zoposa makumi awiri, palibe anafa nazo. Ndinagwetsa supuni mu kapu dala kuti phokoso libise, n'kudina batani.

Mawu anaduka kamphindi kochepa kwambiri, mvula n'kupitiriza. Posakhalitsa mkuluyo anakhosomola, n'kuimirira, n'kutsika m'basi. Ine ndinati, "Watsika tsopano, mvula yakata."

Amuna anga sanagwedeze mutu.

"Amakhosomola katatu," anatero. "Ine ndamva kawiri."

"Mwina supuni ija, abambo, inagwa nthawi yomweyo."

"Amayi." Sanakweze mawu. "Ntchito imeneyo ndaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndimaidziwa filimu ikadulidwa."

Ndinafuna pansi patseguke. Ndinayamba kubwebweta, kuti pepani, tibwerere m'mbuyo, ndibweza pompano, madiresi aja ndiwo andisokoneza mutu. Ndinagwada, ine amene sindinawagwadirepo chikwatirane. Iwo anatambasula dzanja, ndinaganiza kuti akufuna langa, koma ankafuna limoti. Anapapasa batani lozimitsira ndi chala chachikulu n'kudina.

"Musadandaule," anatero. "Anthu onse sangalakwe. Mwina wolakwa ndine."

Mawu amenewo ndi amene akundipha. Holo inawaponyera nsapato, mawuwo sanawanene. Mphunzitsi uja ananyoza filimu yawo mu nyuzipepala, sanawanene. Dziko lonse ndi nyenyezi zake ziwiri linalephera kuwagwetsa. Ndawagwetsa ndine, ndi supuni ya tiyi.

Chiyambire tsiku limenelo sanaitchulenso filimuyo. Ndikati abambo tiyeni tiyesenso, amati siyani, kasokeni. Maso anatsekeka kotheratu mwezi wathawu. Amadzuka, amasamba, ndimawatulutsira kampando kawo pakhonde, amakhala pamenepo mpaka dzuwa litawapeza. Sakangananso ndi munthu. Mkamwini anabwera dzana n'kuyesa kuwaputa za basi ija, iwo anangoti, "Munanena zoona inu, ndi yotopetsa." Ndinathamangira kukhitchini kukalira. Ndikufuna amuna anga amakani aja abwerere, andikwane monga kale, andiuze kuti ndiyang'ane bwino.

Ndiye masana aliwonse akalowa kuchipinda kukapuma, ndimatseka chitseko cha pabalaza, ndimatsitsa mawu a tivi, n'kuika chimbalecho. Limoti ndimaisiya pamwamba pa kabati kuti dzanja lisandinyenge. Makasitomala awiri andithawa chifukwa chochedwetsa zovala zawo, apite, ndilibe nazo ntchito. Ndaionera kakhumi ndi kamodzi tsopano, osagona, osadumpha. Ndikudziwa pamene kansanza kamagwa, ndikudziwa dontho limene limatsetsereka pagalasi pakati pa kukhosomola koyamba ndi kwachiwiri. Ndimamuyang'ana mkuluyo m'maso, m'manja, pakamwa, mpaka maso anga kutuluka misozi, ndikumuchonderera kuti andionetse. Kunama sindingathe, awa amamva bodza lisanatuluke pakamwa. Ndiyenera kuchipeza chenicheni, ndikalowe kuchipindako ndikawauze kuti abambo, ndaona, simunalakwe.

Lero ndaioneranso. Mulungu wanga, ndikuonabe munthu wokalamba atangokhala m'basi.