Tsiku Limene Anatikaniza Bwalo

Ntchito ya ukochi inandipeza ndili ndi mafuta m'manja, ndikukazinga tchipisi pa Chonde. Banja linali litatha, ndinali nditabwerera kwa mayi anga ndi ana awiri, ndipo chiwaya ndicho chinkatidyetsa. Mpira ndinausewera ku sekondale, ndinkatchinga kumbuyo, ndipo amene ndinawagwetsa akundikumbukirabe. Bungwe lina litachititsa maphunziro a ukochi ku Boma ndinakalowa nawo, mkazi ndekha pakati pa amuna. Satifiketi yake inkangogona m'sutikesi.

Tsiku lina pachiwaya panaima a Lingson, tcheyamani wa timu ya anyamata ya kwathu. Tonse tinkangowatchula kuti a Tcheya. Anatola tchipisi osagula, n'kunena akutafuna: "Achemwali, akuti timu yofuna kukwera ligi izikhalanso ndi timu ya amayi. Tisonkhanitsireni atsikana. Kochi ndinu basi."

Ine kusangalala ngati chitsiru! Sindinamvetse kuti iwo sankafuna mpira wa atsikana ayi. Ankangofuna kuti akafunsidwa ayankhe kuti timu ilipo.

Zida zimene anandipatsa ndi mpira umodzi wotupa mbali, woti anyamata anautaya. Wezulo ndinagula ndekha. Pampu inali ya njinga ya mchimwene wanga, singano yake n'kumabwereka. M'malo mwa makoni tinkadzaza mchenga m'mabotolo a pulasitiki. Jezi zakale za anyamata zinali mulu kunyumba kwa a Tcheya, koma anatikaniza, amvekere mkazi akavala jezi ya timu mphamvu zimachoka. Ndinangoseka, osadziwa kuti munthuyo akunena zochokera pansi pa mtima. Tinakasankha matisheti achikasu pa kaunjika ku Nkando n'kulemba manambala ndi penti.

Bwalo tinkalowa masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa madzulo linali la anyamata. Iwo akangotulukira, ife n'kutola mabotolo athu, ngakhale tili pakati pa phunziro. Tinkayamba ndi kuthamanga mozungulira bwalo, kenako kuwongola minofu, kenako kupatsirana awiriawiri ndi mkati mwa phazi, osati ndi chala monga ankachitira pobwera. Tikatero ndinkawaimika mozungulira, mmodzi pakati kulanda mpira, aliyense kuugunda kawiri kokha. Wochedwa nawo ankalowa pakati. Mizere ya bwalo tinkajambula ife ndi phulusa, anyamata n'kudzaseweramo osathokoza.

Mwa atsikana onse amene ndawaphunzitsa, palibe wofanana ndi Asiyatu. Bambo ake, Che Amidu, anali ndi sitolo ya nsalu pa Chonde pomwepo. Asiyatu ankasewera atavala tayiti mkati mwa kabudula, mpango uli kumutu. Ndisaname, kuchenjeretsa anthu ndi mpira kumapazi sikunali kwake, analipo omuposa. Chake chinali liwiro. Mukamuponyera mpira kumbuyo kwa otchinga, abale inu, zinali ngati enawo aima. Vuto lake linali ofusayidi, ankanyamuka msanga. Ndinatha miyezi ndikumuphunzitsa kuyamba wathamanga chopingasa motsatira mzere wa otchinga, n'kukhota pokhapokha mpira ukachoka kuphazi la mnzake. Atazigwira, timu yonse ndinaimanga pa iye: apakati kuponya mpira wautali kutsogolo, Asiyatu n'kukaupeza. Masewero otere amafuna malo. Popanda mtunda woti athamange, Asiyatu anali mtsikana wamba.

Ndiye kunabwera nkhani ya ukwati. Mnyamata wina wogwira ntchito ku Joni anamufunsira, ndipo amayembekezeka kubwera kumapeto kwa chaka. Asiyatu anandiuza atakhala pa mpira, akukumba pansi ndi kamtengo: "Kochi, ine ku Joni sindikukufuna panopa. Kawauzeni ababa, mwina inu akumverani."

Ndinapita kusitolo nditavala chitenje, n'kukhala pa benchi. Che Amidu sanali munthu wovuta, ndipo sindidzawanenera zoipa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati: "Aphunzitsi, ine mpira sindidana nawo. Koma munthu sangamangothamanga osadziwa kumene akupita. A timu ya dziko akamuona n'kumuitana, ndiwauza akuchimuna adikire. Apo ayi, mnyamatayo akafika timanga ndowa, ukwati wathu wa ku mzikiti, azipita naye."

Ndinavomera, chifukwa ndinali ndi podalira. Mmodzi mwa amene anatiphunzitsa ku Boma kuja anali tsopano m'gulu la makochi a timu ya dziko ya amayi. Ndinamuimbira, kumuimbiranso, mpaka anatopa nane. Anati Loweruka lina adzakhala akuchokera ku Boma kubwerera ku Blantyre, ndipo atha kuima pa Chonde masana, koma osachedwa. Loweruka limenelo anyamata athu anali ndi masewero aakulu pakhomo, oti opambana akwera ligi. Ndinapempha a Tcheya kuti ife tisewere otsegulira ndi atsikana a ku Boma, anyamata asanalowe. Iwo amvekere, "Palibe vuto, achemwali. Zikometsa tsiku."

M'mawa wa tsikulo ndinafika ndi thumba la phulusa pamutu kuti ndijambule mizere. Ndinapeza bwalo lazunguliridwa ndi chingwe, m'makona mwaima masapota ndi zibonga. Mmodzi, mwana woti ndinamuona akukwawa, anatambasula mkono: "Simulowa, Kochi."

Ndinayesa nthabwala. A Tcheya atafika ndi pamene ndinamva zonse. Komiti inali itakatenga sing'anga kutsidya, ku Mozambiki, ndipo anali atakwirira zinthu zake pakati pa bwalo ndi pamagolo onse awiri. Lamulo lake linali limodzi: mkazi asaponde bwalo mpaka masewero a anyamata atatha.

"Mkazi amasukulutsa mankhwala," anatero a Tcheya, nkhope ili gwa. "Mudzasewera tikamaliza."

"Mukamaliza kukhala kutada, ndipo mlendo wathu akhala atapita! Munavomera nokha!"

"Ndinavomera asing'anga asanabwere."

A Tcheya omwewa anali mkulu wa mpingo, Lamulungu lililonse kutsogolo ndi jekete. Mtima unandiwira. Ndinaponya thumba la phulusa pansi n'kuwafunsa ngati anabadwa kwa mbuzi, popeza mkazi ndi wodetsa chotero. Ndinawafunsa amene wakhala akujambula mizere ya bwalo lawolo chaka chonse. Ndinalankhula zambiri, zina sizolembeka. Iwo anangoloza kuseri kwa golo, kumene kunali kabwalo ka netiboli, n'kuti, "Pitani apo. Si ndiye kwanu kumeneko?"

Masapota anaseka. Koma chimene chinandilasa kwambiri si kuseka kwawo. Anali amayi anzanga, omwe tinkagulitsa limodzi pamsika, atavala kale zitenje zokavinira timu. Mmodzi anandigwira mkono: "Iwe, usatiwonongere tsiku. Ana athu akaluza udzayankha ndiwe."

Atsikana a ku Boma anafika, minibasi yawo n'kubwerera. Mlendo wathu anafikanso, ndipo atamva nkhaniyo anapita yekha kukalankhula ndi a Tcheya. Anamulandira mwaulemu, kumupatsa mpando, kumugulira chakumwa, koma chingwe sichinasunthe. Iye analibe mphamvu pa bwalo la eni ake. Bwalo lina linali kutali, ndipo tinalibe choyendera matimu awiri. Anayang'ana wotchi n'kuti, "Kochi, ndionetseni chimene mungathe pamene pali malopo."

Tinasewera pa netiboli, asanu mbali iyi asanu mbali iyo, magolo a miyala. Pansi pake panali pouma ngati pa msewu. Inu amene mumadziwa mpira mukumvetsa kale. Pamalo otere palibe kumbuyo kwa otchinga, palibe ofusayidi, palibe mpira wautali. Zonse zimene tinaphunzira zinangokhala zopanda ntchito. Asiyatu akati anyamuke, bwalo latha. Mtsikana wina wojintcha wa ku Boma anamumatirira ngati nkhupakupa, ndipo iye analibe kothawira. Kamodzi anaiwala, n'kuthamanga monga ndinamuphunzitsira, n'kukathera m'miyendo ya oonerera. Anthu anafa nacho chiseko.

Ndikutembenuka ndinaona Che Amidu ataima pansi pa mtengo, atavala mkanjo woyera, atagwira njinga. Anali atatseka sitolo tsiku la malonda. Chiyambire anali asanabwerepo kudzaona mwana wawo akusewera, ndipo chimene anadzaona ndi chimenecho. Kumbuyo kwathu bwalo lalikulu linali mbee, lopanda munthu, udzu wotchetcha bwino, anyamata a zibonga akulilondera. Ndinamva misozi ikubwera, koma ndinaluma wezulo.

Mlendo anandiitanira pambali asanakwere galimoto. "Phazi lake si loipa," anatero, "koma otere tili nawo ambiri. Munandiuza za liwiro, ine sindinalione. Mudzabwere naye ku mpikisano wa chigawo chaka chamawa." Sindimuimba mlandu. Kochi satenga munthu chifukwa cha zomva.

Chaka chamawa! Ndinapita kwa Che Amidu kukayesa kufotokoza, koma anakweza dzanja mofatsa. "Sikomo, aphunzitsi, mwayesetsa. Ndaona ndi maso anga mmene amamuonera mwana wanga kuno." Anakwera njinga n'kumapita. Asiyatu anakhala pansi, anavula nsapato za mpira zimene ndinamubwereka, anamanga zingwe zake pamodzi n'kundipatsa. Sanalire.

Madzulo anyamata aja anachinyidwa pakhomo, mankhwala ali pansi pomwepo. Mukuganiza kuti anadzudzula sing'anga, kapena goloboyi wawo amene anali atalawa kachasu? Ayi ndithu. Panapezeka mboni zoti pamene ndinkakangana ndi a Tcheya, phazi langa limodzi linadutsa chingwe. Anabwera pachiwaya kudzanditukwana, ena kusiya kugula tchipisi zanga. Sabata yotsatira a Tcheya anatuma munthu kudzandiuza kuti komiti yakhala pansi, ndipo timu ya amayi aiimitsa kaye. Inde, popeza sanakwere ligi, ankatifuniranji? Anatumanso kuti ndibweze mpira wotupa uja.

Ndowa ya Asiyatu inamangidwa mvula itayamba. Ndinaitanidwa, ndinapita, ndinadya mpunga umene sunkatsika.

Lero ndimaphunzitsa atsikana ku Boma, ndipo ena mwa iwo aitanidwako ku timu ya dziko. Anthu amandiyamikira, koma ine ndimadziwa kuti palibe mmodzi mwa iwo amene akanamupeza Asiyatu pa liwiro. Makochi achitsikana akamandifunsa poyambira, amayembekezera kuti ndinena za makoni kapena kapatsidwe ka mpira. Ine ndimati yambani mwafunsa kuti bwaloli mwini wake ndani, ndipo tsiku limene adzalifune inu mudzapita kuti. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo limathyoka tsiku limene mvula yagwa. Chichokereni pa Chonde sindinavomerenso kuti atsikana anga akhale otsegulira masewero a amuna. Kaya kubwere oonerera khumi okha, tsikulo likhale lathu ndi bwalo lathu.

Asiyatu ndinakumana naye pamsika wa Nkando atabwera kudzaona makolo, mwana ali kumbuyo, wina ali m'manja. Wanenepa, akuoneka bwino, akuti mwamuna wake amamusamala. Tili chiimire kulonjerana, mpira wa ana amene ankasewera kuseri kwa mabenchi unagubuduzika molunjika kumapazi ake. Ine maso anali pa phazi lake lakumanja, mtima uli m'mwamba. Iye analinyamula pang'ono, mpira n'kudutsa pansi pake kukalowa m'ngalande.

"Kochi," anatero akukonza mpango, "mukanali nazobe zampira zija?"

Ndinati eya, ndikanali nazo.