Chilimwe Chomwe Ndinkapempha Njerwa

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga inali ya kumudzi, ndipo alipo anthu amene akanaifotokoza bwino nkhaniyi kuposa ine. Koma anthuwo sananyamulepo njerwa zimene ndikufuna kunenazi, choncho ndingoyesa, ndipo pamene ndalakwitsa mundikonze.

Njerwa zake zinali zikuluzikulu, zolemera ngati khanda, zofiira moderako kusiyana ndi zomwe timaumba masiku ano. Zambiri zinali ndi kadzenje pakona, pamene woumba anagwira dothi lisanaume. Ndikaika chala changa m'kadzenjemo, chinkalowa chonse n'kutsala malo. Nthawi imeneyo ndinali mu Sitandade 5, ndipo ndinkakhala ndi amayi ndi mlongo wanga amene anali asanayambe kukwawa. Bambo anali atamwalira mlongo wangayo ali m'mimba.

Nyumba yathu inali m'malire mwa esiteti, pomwe tiyi amathera n'kuyamba nthochi za anthu. Akuti ndi mmene mzungu woyamba ankakhala asanamange chinyumba chake chapamtunda. Agogo anga, bambo awo a amayi, anachokera ku Mozambique wapansi, n'kugwira ntchito ya ulonda kwa azunguwo mpaka msana unapindika. Atakalamba anawapatsa nyumbayo ndi kamalo kozungulira. Inali ndi khonde lalitali, mawindo ang'onoang'ono ngati a nkhokwe, ndi denga la udzu lomwe linkadontha chaka chilichonse. Amayi ankathyola tiyi, ndipo kwa zaka zambiri ankagula malata limodzilimodzi, n'kumawasunga kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mapeyala. Ankati akakwana tidzaiwala zotchera mabeseni m'chipinda.

Malata asanakwane, mvula ya m'Malichi inagwetsa khoma la kummawa pamodzi ndi theka la denga. Tinali kutchalitchi. Pobwera tinapeza mphasa zathu zili pansi pa matope, ndipo fungo la udzu wowola linali ponseponse. Tinasamukira m'khitchini, kanyumba kadothi kakuda ndi mwaye, komwe munthu wamkulu sakanaimirira bwinobwino.

Kwathu nyumba ikagwa anthu sadikira kuitanidwa. Mmawa mwake anabwera ndi makasu, mabeseni ndi wilibala yobwereka, n'kuchotsa zigumukire zonse. Amayi analibe chowapatsa kupatula thobwa, ndiye anawauza kuti aliyense atengeko njerwa zakalezo, popeza amalume anali atanena kuti adzaumba zatsopano. Anthu anatenga mosangalala. Amayi ena ankanyamula ziwiriziwiri pamutu akuseka m'Chilomwe. Pofika madzulo pamalopo panali poyera. Aliyense anati tachita zaumunthu, ndipo mpaka lero ndimati tinachitadi zaumunthu.

Amalume, achimwene awo a amayi, anabwera kuchokera kwa Khwethemule mvula itatha. Anaumba njerwa ndi chikombole chawo, anaziwotcha, n'kugula simenti pang'ono. Anali atayamba kukumba maziko pamene galimoto yoyera inaima pamsewu tsiku lina la chiperoni, nkhungu itaphimba minda ya tiyi. Munatuluka bambo wina wa ku khonsolo, atavala jombo zoyera bwino zomwe zinkaoneka kuti sizinapondepo matope. Sanali munthu wamwano. Anapereka moni kwa amayi ndi manja awiri, anakana mpando, n'kuima pakhonde akuyang'ana makoma otsalawo ngati akuona m'bale wake m'chipatala.

Anatiuza kuti nyumba yathu inalembedwa kalekale m'gulu la nyumba zakale zosungidwa, ndipo sitingaimange mmene tikufunira. Iyenera kubwerera mmene inalili. Simenti ayi, koma laimu. Mawindo asakule. Denga likhale la udzu. Njerwa zikhale zomwezo zakale, ndipo zosowazo ziumbidwe mofanana nazo. Anatulutsa chithunzi chakale chotuwa kuti tione. Pachithunzipo panali nyumba yathu yeniyeni, mzungu atakhala pampando pakhonde, ndipo panja, padzuwa, panali mzere wa anthu osavala nsapato.

Amalume anafunsa kuti, "Kodi bwana, mzunguyu akubweranso kudzagonamo?"

Bamboyo anaseka pang'ono n'kunena kuti lamulo si iye analemba. Anawonjezera kuti tikamanga mwa ife tokha, khonsolo ili ndi mphamvu yogumula. Kenako anafunsa kumene kunali njerwa zakale. Amayi anayang'ana pansi.

Mawu akuti kugumula ndiwo anawagwira amayi. Amalume ankati tingomanga, galimotoyo siibweranso, koma amayi anali mayi wamasiye wa ana awiri, ndipo ankaopa chilichonse chobwera pagalimoto. Anapita kwa aphunzitsi anga kuti awamasulire bwino. Aphunzitsiwo anali ochokera kumpoto, munthu wokonda mabuku, ndipo nkhaniyi inawasangalatsa kwambiri. Anawauza amayi kuti ali ndi mwayi, akukhala m'mbiri ya dziko. Amayi anayankha kuti akukhala m'khitchini.

Ndiye panafunika kuti njerwa zibwerere. Amayi sakanapita okha. Munthu wamkulu sapita kukaitanitsa chimene anapereka ndi manja ake pamaso pa anthu. Amalume anakana, anati bola akagwire ganyu yotapa zimbudzi. Anatsala ndine. Mwana akatumidwa, manyazi amachepako, ndimo mmene akuluakulu ankaganizira. Sanadziwe kuti manyaziwo sachepa, amangosamukira mwa mwanayo.

Ndinali mwana wamanyazi kwambiri, woti mlendo akandifunsa dzina ndinkayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi. Koma ndinkafunitsitsa kuti amayi andiyamikire. Tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu ndinkatenga nkhata ndi thumba, n'kuyamba khomo ndi khomo. Ndinkagwada patali n'kunena mawu amene amayi anandiphunzitsa: "Odi, amayi andituma. Akuti pepani kwambiri, a boma akuzifuna njerwa zija."

Njerwazo zinali zitapeza kale ntchito. Ena anachita nazo mafuwa. Ena anayala m'bafa, ndipo ndinkazizula zili zoterera, zikununkha sopo ndi mkodzo. Ena anamangira khola la nkhunda, ena anatchingira madzi pakhomo. Amayi ena, amene ankathyola tiyi mzere umodzi ndi amayi anga, ndinawapeza akuphika nandolo. Anandimvetsera mpaka kumaliza, anaphula mphika wosapsa, n'kukankha njerwa zitatu zamoto ndi phazi.

"Tenga, mwanawe. Sindinkadziwa kuti mphatso za kwanu zili ndi miyendo."

Ndinazikulunga m'masamba a nthochi. Zinandiwotchabe pamutu mpaka kunyumba, ndipo sindinawauze amayi zimene ananenazo.

Posakhalitsa ana anzanga anayamba kunditchula kuti Bwana Njerwa. Ndikamadutsa ankafuula kuti, "Bisani mafuwa, a khonsolo afika." Akuluakulu sankafuula. Ankangosiya kucheza amayi akafika pamjigo. Kusikelo, poyeza tiyi, anzawo omwe kale ankawathandiza kutula dengu anayamba kuyang'ana kumbali. Izi ndinazidziwa nditakula. Panthawiyo ine ndinkangoona mulu wa njerwa ukukula pambali pa khonde, ndipo ndinkanyadira.

Panali bambo ena okalamba amene anatenga njerwa zambiri kuposa onse. Nditafika pakhomo pawo ndinagwada n'kunena mawu aja. Kenako analoza kunkhalango ya kumanda ndi ndodo yawo. Anali atazungulira nazo manda a akazi awo, omwe anamwalira mwezi womwe nyumba yathu inagwa.

"Ukawauze amayi ako akazitenge okha. Njira akuidziwa, anaperekeza nawo maliro."

Izi zokha ndinakanena. Amayi anali akuyamwitsa. Anangomusinthira mwana kubere lina, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Njerwa zatsopano za amalume zinakanidwa chifukwa zinali zazing'ono. Anakhoma chikombole china chachikulu, n'kuyambiranso kuponda dothi mu Ogasiti, nthawi imene anzawo anali atamaliza kale kuwotcha. Njerwa zazikulu zimachedwa kuuma, ndipo zambiri zinang'aluka mu uvuni. Laimu anachita kukamufuna ku Limbe, ndipo mmisiri wodziwa kumangira laimu sanapezeke msanga, popeza amene ankadziwa anali atapita kale kumanda. Khoma likakwera pang'ono, tinkayenera kudikira kuti bambo wa ku khonsolo adzalione tisanapitirize. Nthawi zina galimoto inkasowa mafuta. Nthawi zina bamboyo ankakhala ali kumsonkhano. Amalume ankakhala pakhonde atagwira chipande chomangira, akuyang'ana kumsewu, munda wawo kwa Khwethemule uli wosasosa.

Tsiku lina bamboyo atabwera, anagwira khoma, anasisita njerwa zakalezo, n'kufunsa amene anazisonkhanitsa. Amalume anandiloza ndi chibwano. Bamboyo anandigwira pamutu n'kunena kuti dziko likufunika ana ngati ine. Aphunzitsi atamva, anandiimiritsa kutsogolo kwa kalasi kuti anzanga andiombere m'manja. Ndinasangalala sabata yonse. Lero ndikakumbukira, ndimadzifunsa kuti mwa anthu onse ondiyamikirawo, ndani anaweramapo n'kusuzumira m'khitchini mmene tinkagona. Palibe. Khomo lake linali lalifupi, ndipo utsi unkaluma m'maso.

Chomwe chinatigonjetsa ndi udzu. Ku Thyolo kuno malo onse ndi tiyi, bulugamu kapena chimanga cha munthu. Udzu wofolerera umachokera kutali, ndipo umamwetedwa mu Juni ndi Julayi. Ife mu Okutobala ndi pamene tinayamba kuufuna. Amalume anapalasa njinga mpaka ku Thekerani n'kubwera ndi mitolo yochepa, yosakwana ngakhale chipinda chimodzi. Anapempha a khonsolo kuti tifolere malata mongoyembekezera, udzu tidzaike chaka chamawa. Yankho linali lakuti apititsa nkhaniyo kwa akuluakulu. Malatawo anali pomwepo, pansi pa mtengo, masamba a mapeyala akuwolerapo.

Mvula inayamba mu Novembala. Inagwa m'nyumba yopanda denga, n'kusungunula laimu amene anali asanagwire, ndipo mizere yoyera inkatsika m'makoma. Inagwanso m'khitchini mwathu. Pansi pankachita chinyezi mpaka mphasa inamera nkhungu. Amayi ankachoka kumunda wa tiyi atanyowa kale, n'kudzagona ponyowa, mwana atamuika pachifuwa kuti asakhudze dothi. Amalume anati akhoma malata basi, zibwere zibwere. Amayi anawagwira dzanja.

"Achimwene, akadzagumula, inu mudzakhala muli kwanu."

Kumayambiriro kwa Disembala mlongo wanga anayamba kutsokomola. Kenako ankapuma mofulumira ngati kamwana ka nkhuku, nthiti zikulowa m'kati. Kuchipatala anati ndi chibayo, ndipo anawagoneka. Namwino anawakalipira amayi pamaso pa anthu kuti amamugoneka mwana pozizira ngati alibe nzeru. Mlongo wanga anachira, koma mpaka lero chiperoni chikangoyamba, chifuwa chake chimalira ngati chitseko chakale. Ndi mayi wa ana tsopano, ndipo sadziwa n'komwe mmene nyumbayo inkaonekera.

Amayi atatuluka m'chipatala sanafunse ngati yankho la akuluakulu lafika. Anawauza amalume kuti apeze ngolo, malata apite kwa Khwethemule, akatimangire kanyumba pamalo a makolo ndi njerwa zilizonse zomwe zingapezeke. Amalume sanatsutse. Khirisimasi tinadyera m'khitchini momwemo, katundu ali m'matumba.

Mmawa mwake amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kuyenda okha khomo ndi khomo, njira yomwe ija ndinkayenda ine. Sanandituma. Sindikudziwa zimene ankanena m'makomomo, koma dzuwa lisanafike pamutu anthu anayamba kubwera ndi mabeseni. Amalume anakwera pakhoma lomwe anamanga okha n'kuyamba kuzula njerwa. Laimu wonyowayo sankalimba n'komwe, njerwa zinkangochoka ndi manja. Amayi ankalandira n'kumapereka kwa aliyense ndi manja awiri, atapinda mawondo. Amayi a nandolo aja atafika, anaima kaye patali. Amayi anawasankhira zitatu zosang'aluka.

"Izi ndadula miyendo, anzanga. Sizibweranso."

Choncho mawuwo anali atawamva kale, ngakhale ine ndinawabisira. Amayi a nandolowo anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuwathandiza amayi kumanga mtolo wa ziwiya.

Wina anafunsa kuti nanga a khonsolo akabwera tidzati chiyani. Amayi anati, "Mudzawauze kuti mbiri yawo ili m'mabafa. Akaione kumeneko."

Ine ndinakhala pansi pa khonde ndikulira. Njerwa iliyonse ndinkaidziwa kumene ndinaitenga, ndipo ina inali itandisiyira chipsera pamutu. Ndinkaganiza za bambo wa jombo zoyera, kuti akadzabwera adzati ndine mwana wabodza, ndiponso za aphunzitsi, kuti ndidzawayang'ana bwanji. Sindinkamvetsa chifukwa chimene amayi, omwe anaopa galimoto ija chaka chonse, tsiku limenelo sanayang'ane kumsewu ngakhale kamodzi. Sindinkamvetsanso chifukwa chimene ankaoneka opepukidwa pamene tinali kutaya nyumba. Ndinawafunsa tili kumbuyo kwa ngolo kuti nanga agogo akanati chiyani. Anandiyankha osatembenuka kuti agogo anga anali pachithunzi chija, koma osati pakhonde.

Ndinaganiza kuti akunena za malo oimapo pojambulitsa, ndipo sindinafunsenso. Tinachoka pamalopo tsiku lotsatira Khirisimasi, pa 26 Disembala, 1998.