Chilimwe Chimene Sikelo Inakana Katundu

Sikelo ya kubafa ija ndikadali nayo. Ndi yachikale, ya muvi, ndipo pagalasi pake pali kamzere kofiira kamene amalume anajambula ndi utoto wa zikhadabo wa amayi. Anzanga akaiona amafunsa ngati kamzereko ndi malire amene ndinaikira thupi langa, ine n'kungoseka. Kamzereko tinalembera kalavani, kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Mangalande, ku Spinney Hill, m'nyumba zija zogundizana khoma ndi khoma, zopanda bwalo ngakhale loimikapo njinga. Papepala tinali atatu: ine, amayi, ndi amalume, achimwene awo a amayi, amene ankayendetsa vani yoperekera katundu. Koma amayi anali namwino wodziwika, ndipo aliyense wofika kumene kuchokera kumudzi ankapatsidwa nambala yawo. Pabalaza sipankasowa matiresi ndi sutikesi ya munthu wina. Amati mlendo ndi mame, koma mame a kwathu dzuwa linkawalephera. Amayi ankaweruka shifiti mapazi atatupa n'kufikira kukhitchini, yunifomu ili m'thupi. Liwu loti ayi sindinalimvepo pakamwa pawo, kupatula akamayankhula ndi ine.

Kalavaniyo amalume anaigula chaka cham'mbuyo kwa mnzawo wa kuntchito. Inali yakale, yamakatani a maluwa, koma iwo ankaiyang'ana ngati mwana woyamba. Poti kwathu kunalibe poiimika, inkasungidwa pa famu ina kunja kwa tauni, njira ya ku Melton. Kuzizira kutayandikira anaikulunga yonse ndi pepala lakuda lapulasitiki n'kumanga zingwe zolimba, mmene ankafunditsira matumba a chimanga kumudzi. Mwini famu anawachenjeza. Amalume anathokoza mwaulemu, manja onse awiri, kenako n'kuwonjezera chingwe china.

Tsiku limene tinakavundukula, mu Epulo, fungo lake ndimalimvabe: ngati nsalu yonyowa yoiwalika m'ndowa kwa mwezi. Makatani anali ndi madontho akuda a nkhungu. Paipi ya pansi pa sinki inali itaphulika chifukwa madzi otsalamo anaundana. Mabuleki anali atagwirana poti anaisiya handibuleki ili yokoka miyezi yonseyo, ndipo matayala, amene mano ake ankaoneka atsopano, anali ndi ming'alu m'mbali. Mwini famu sanaseke. Anangoti kalavani imafuna kupuma mpweya ngati munthu.

"Safunsa anadya phula," anatero amalume, chipewa chili m'manja.

Kuchokera tsikulo anasanduka wofunsa wotopetsa, ndipo zimene afunsa Loweruka ankatilalikira sabata yonse. Ndinaphunzira kuti kalavani poisunga umakhetsa madzi onse n'kusiya mipopi yotsegula. Makabati umasiya pululu, makhushoni n'kuwaimika chilili kuti mphepo idutse. Gasi umatseka, batire n'kupita nalo kunyumba. Handibuleki umamasula, matayala n'kuwatchinga ndi matabwa, ndipo pakapita nthawi umaikankha pang'ono kuti isakhalire mbali imodzi ya tayala. Ukafuna chofunditsa, ugule chansalu chopuma. Zonsezi ndimazidziwa mpaka lero ngati ndime za Sande sukulu, ine amene ndilibe ngakhale ngolo.

Loweruka lililonse tinkapita kufamuko. Ine ndinkakwecha makoma ndi viniga mpaka maso kulira, amalume ali chagada pansi ndi sipanala, nkhosa zikutiyang'ana pampanda. Matayala anagula ena ngakhale zinawawawa. Pabwalo la famu ankaphunzira kubwerera m'mbuyo, ndipo kalavani inkapita kumene iwo sakufuna, mpaka anavomereza kuti ukafuna ilowere kumanzere, chiwongolero umayamba wapotozera kumanja. Ankatuluka m'galimoto thukuta lili kamukamu, akuiyankhula ngati ng'ombe yamakani. Amayi, tsiku limene sali pantchito, ankabwera ndi makatani ochapa n'kukhala pakhomo pa kalavani, nsapato atavula.

Amayi anali atapatsidwa sabata imodzi ya tchuthi mu Ogasiti. Chibwerereni ku Mangalande, tchuthi chawo chonse chinkathera maliro, zinkhoswe ndi kulandira anthu ku eyapoti. Sabata imeneyi anaizunguliza pa kalendala ya kukhitchini, ndipo tinagwirizana zopita kunyanja ku Skegness, atatu basi. Nditawafunsa chimene akachite kumeneko, anati, "Ndikufuna ndikangokhala." Ndinaona ngati yankho la munthu wosadziwa kusangalala.

Amene anaulula ndine, ndipo sindikana. Lamulungu lina ndinadzitama kwa ana anzanga kutchalitchi kuti ife tili ndi nyumba ya matayala, yokhala ndi khitchini momwemo. Pofika nthawi ya tiyi nkhani inali itafika kwa aanti, mkulu wa azimayi, munthu wamtima wabwino ndi wa mawu aakulu, amene sankatha kuona mpata osakonzapo pulogalamu. Anawagwira amayi paphewa n'kuthokoza Mulungu kuti azimayi apeza kopitira. Iwo adzakwera nafe pamodzi ndi ziwiya, ena adzatsatira pa magalimoto atatu, ndipo zophika zonse zidzachitikira m'kalavani, poti asisi dzanja lawo ndi lodziwika. Amayi anamwetulira n'kunena kuti palibe vuto. M'basi pobwerera sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipiridwa.

Apa ndi pamene sikelo ikulowera. Mwa malamulo onse a amalume, lalikulu linali la kapakiridwe. Zolemera zimakhala pansi, pakati, pamwamba pa matayala. Ukaziika kumbuyo, kalavani imagwedeza mchira pamsewu mpaka kukugwetsa. Ukaziunjika kutsogolo, imapsinja galimoto. Ndiye usananyamuke umayeza kulemera kwa chitsulo chakutsogolo chokolera ku galimoto, chimene iwo ankachitcha mphuno. Choyezera chenicheni anati n'chodula. Anadula mpini wa tsache, mbali imodzi n'kuimika pa sikelo ya amayi, inayo pansi pa mphuno, kenako n'kukweza katayala kakutsogolo kochirikiza kalavani mpaka kulemera konse kutsamira pa mpiniwo. Malire anawerenga m'buku la galimoto n'kuwalemba ndi utoto wofiira uja.

Wowerenga muvi ndinali ine, chifukwa kusukulu tinali titangophunzira kumene za makilogalamu. Aphunzitsi athu ankabwereza mawu amodzi: poyeza, pasakhale china chokhudza sikelo, ndipo ulembe chimene waona, osati chimene ukufuna. Ntchitoyi ndinainyadira kwambiri moti ndinkayenda ndi pensulo kukhutu.

Tsiku la ulendo amalume anabweretsa kalavani m'mamawa. Bambo wa butchala ya pakona anasuntha vani yawo kutipatsa malo, ndipo ana a mumsewu wonse anatuluka kudzasuzumira pawindo. Tinapakira zathu, tinayeza, muvi n'kuima pansi pa kamzere, mpata wa chala chimodzi. Kenako aanti anatsika pa takisi ndi mapoto awiri aakulu a paukwati, thumba la mpunga, bokosi la nkhuku zouma ndi ayezi, ndi sipika ya kwaya. Amalume anayamba kupakira. Anakonza zonse pakati mwaluso, zotsala n'kuzisendeza kutsogolo, poti kumbuyo kunali koletsedwa ndipo buti ya galimoto inali itadzaza kale.

Ndinagwada pa sikelo. Ndinene zoona, monga anandiphunzitsira aphunzitsi: muvi unakwera, unanjenjemera, n'kuima pansi pa kamzere. Pang'ono kwambiri, koma pansi. Katundu wa aanti anali atakwana.

Ndisanatsegule pakamwa, amayi anasendera pafupi ngati akufuna kuona nawo. Anali atavala chitenje chofika pansi. M'mphepete mwake munatuluka chala chachikulu cha kuphazi, chopaka utoto womwe uja wofiira, n'kukhala pakona ya sikelo. Muvi unadutsa kamzere.

Ndinayamba kunena m'Chingerezi kuti phazi lawo lili pa sikelo, koma amalume anatsokomola mwamphamvu.

"Iwe, tinakupatsa ntchito yowerenga muvi," anatero. "Werenga muviwo."

Ndinawerenga, ndipo unali utapitirira. Aanti anali mbali inayo, foni kukhutu, akuuza anzawo kuti tikunyamuka. Amalume anatsitsa sipika, tinayezanso, unapitirira. Anatsitsa mpunga, unapitirirabe. Nkhuku zinatsika, poto woyamba anatsika, ndipo nthawi iliyonse chala chija chinkangowonjezera mphamvu, mwini wake akupukusa mutu mwachisoni.

"Koma poto mmodzi yekhayu, achimwene?" anafunsa aanti.

"Sikelo siinama, mayi," anayankha amalume, maso ali kumwamba. "Tikakakamiza, tikagona m'ngalande tonse."

"Pepani kwambiri, aanti," anatero amayi. "Ine ndimafunitsitsa, koma mwaona nokha."

Aanti anayang'ana mulu wa katundu wawo, n'kuyang'ana kapoto kathu ka tiyi. Anati anthu makumi awiri sangadyere m'kachibekete, ndipo iwo sangapite kukadya tchipisi sabata yathunthu ngati mwana wasukulu. Pomwepo anaimba foni kusamutsira pulogalamu ku holo ya tchalitchi, ndipo mawu awo ankamveka ngati munthu amene wapeza kale ntchito ina yabwino. Anatipempherera pamsewu pomwepo, natipatsa nkhuku imodzi. Ndimawakondabe mayi amene uja.

Amalume anakola mphuno ku galimoto n'kuikoka m'mwamba kuti atsimikize kuti yagwira. Anamanga kawaya kofiira kamene kamakoka mabuleki kalavani ikaduka, anapinda miyendo ya m'makona, n'kuwonjezera magalasi aatali m'mbali. Ine ndinaima kumbuyo kufuula kuti indiketa ya kumanzere yayaka, ya kumanja yayaka, mabuleki ayaka. Atayenda pang'ono anaima pambali kumangitsanso manati a matayala atsopano aja. Tinkayenda pang'onopang'ono moti magalimoto anandandalika kumbuyo kwathu ngati a maliro. Titadutsa Grantham, lole yaikulu inatipitirira ndipo kalavani inagwedeza mchira. Amalume sanaponde buleki. Anangochotsa phazi pa moto, chiwongolero atachigwira chowongoka, mpaka inakhazikika yokha. Anatembenuka kuti amayi awayamikire, koma amayi anali atagona kale, pakamwa pali yasa.

Titafika ku Skegness, amayi anagona masiku atatu. Ankadzuka kumwa tiyi, kuyang'ana panja, n'kubwereranso pa makhushoni aja tinawaanika chilimwe chonse. Foni inali m'kabati, yozimitsa. Ine ndi amalume tinkapita kumchenga, mphepo ikutimenya ndi fungo la nsomba zokazinga, madzi ali ozizira mpaka mano kuwawa. Tsiku lachinayi amayi anatuluka, anakwinya chitenje, n'kulowa m'nyanja mpaka m'mawondo. Funde litawamenya anakuwa, kenako anaseka mpaka kugwira pamimba. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumvepo, ndipo ndinachita nako manyazi pamaso pa anthu.

Mumtima ndinali ndi mlandu nawo. Madzulo ena tikutsuka makapu ndinawauza kuti ndinaona chala chawo, ndipo aphunzitsi amati kumeneko ndi kubera. Anandipatsira kapu, thovu la sopo lili m'manja.

"Aphunzitsi ako akunena zoona," anatero. "Pukuta kapuyo."

Sukulu itatsegulidwa tinauzidwa kulemba za tchuthi. Anzanga analemba za ndege ndi maiwe osambiramo. Ine ndinalemba masamba awiri a kasungidwe ka kalavani, madzi, gasi, matayala ndi makhushoni, ndipo pamapeto ndinawonjezera mzere umodzi wodandaula kuti amayi anawononga theka la tchuthi ndi tulo. Aphunzitsi anachonga zonse, koma pa mzere womalizawo analemba kuti amayi ako anachita bwino. Ndinakwiya nawonso.

Ndinkadziwa kuti kalavani ili ndi malire a katundu, ndipo ndikanatha kukuonetsani kamzere kake ndi pensulo yanga. Ndinkadziwa kuti ukaikulunga osaisiyira mpweya imaola m'kati, kunja ikuoneka bwinobwino. Koma za mayi amene ankandiphikira tsiku ndi tsiku ndinkangoona kuti anabera sikelo, amalume n'kuwathandiza. Sindikanatha kumvetsa kuti munthu wamkulu, wodziwa zilankhulo ziwiri, angasowe pakamwa ponenera ayi mpaka kutuma chala cha kuphazi kuti chikamunenere.