Dothi la pa Manda a Ambuye Zadoi

Bokosi la Ambuye Zadoi ndinalinyamula ndekha, ndi dzanja limodzi, linalo ndikudyera vwende. Chabwino, limenelo ndi bodza: pa malirowo n'kuti ndisanamere ndi mano omwe. Koma za achemwali anga a Mahanushi, amene amasesa pamanda pawo, kafunseni mzinda wonse wa Merivi.

Ambuye Zadoi anali bishopu wa mzinda uno, wamtali moti ngamila zinkachita kukweza khosi kuti ziwaone nkhope. Chaka cha mliri waukulu, maliro atachuluka mpaka okumba manda kusowa, iwo anakaima pachipata cha kum'mawa ndi ndodo yawo, mliri n'kubwerera. Pomwalira anasiya mawu: "Mundiike pachipata pomwepo. Bola dothi lizindifunda, nthendayo sidzalowanso."

Anthu anaiwala za kufundako. Dothi la pamanda a woyera limachiza, ndiye wina akadwala, abale ake ankabwera ndi kambale, kulisakaniza ndi mafuta n'kumupaka palilime. Wotapa anali a Mahanushi, ntchito imene anasiyiridwa ndi apongozi awo. Wamalungo, wosabereka, wa dzino lobowoka, ngakhale amalonda a silika ankamangirira kathumba kake m'khosi. Mtumbira unaphwa n'kusanduka dzenje. A Mahanushi anayamba kutapa chogwada, kenako chogona chafufumimba.

Chilimwe china ngamila zochokera ku Bukhara zinafika zokha, katundu ali pamsana, eni ake kulibe. Makoswe anayamba kufera poyera pamsika. Akhwangwala anandanda pamwamba pa chipata, osalira, kungoyang'ana. Masiku omwewo Anahidi, mdzukulu wa a Mahanushi, anatentha thupi.

A Mahanushi anathamangira kumanda, napisa dzanja m'dzenje. Zikhadabo zinakanda thabwa la bokosi. Anapapasa uku ndi uku: dothi linali litatsala kumutu kokha, losadzaza ndi chikhatho chomwe.

Kumbuyo kwawo anthu anali atandanda ndi timbale. Wansembe Yazidadi anatsokomola.

"Mayi, tapani msanga, anthu akudikira."

"Nditape chiyani, bambo? Ndevu za Ambuye?"

"Musalankhule choncho pamalo oyera!"

"Malo oyerawo mwanyambita, atha. Mukufuna agone osafunda, mliri uli pakhomo?"

Koma m'makutu mwa a Mahanushi munali kubuula kwa Anahidi pamphasa. Kadothi kotsalako kanali kokwanira mwana mmodzi. Anakayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anabweza dzanja lopanda kanthu. Anapita kunyumba, nakumba pansi pamene mwanayo anagona, nabwera ndi dothi m'nsalu n'kulikhuthulira pathabwapo.

"Kuyambira lero," anatero, "wofuna kutsinako abweretse chikhatho chodzaza dothi la m'nyumba mwake. Ligone pa Ambuye mpaka Pasaka, ndiye mudzatape."

"Limenelo ndi dothi wamba!" anakuwa wansembe.

"Nanga loyambalo linagwa kumwamba?"

Ena anawatukwana, ena anawaponyera timbale. Koma madzulo asanafike mphepo inabweretsa kulira kwa maliro kuchokera kumidzi ya kunja kwa linga, ndipo otukwana aja anabwera mmodzimmodzi, dothi lili m'mikanjo.

Mliri sunalowe. Anahidi anadzuka, koma khutu limodzi linafa, ndipo mpaka lero a Mahanushi akamulankhula amaima mbali ya khutu lamoyolo, maso ali pansi. Nthendayo sinapite kutali ayi. Chilimwe chilichonse imazungulira linga ngati fisi pakhola, ndipo anthu a kuno amakonda kutsina kuposa kubweretsa.

Dzulo ndinkauza alendo pachipata mmene ineyo ndinakwiririra dzenjelo, ndi ngamila zosenza dothi, mzere wake kukafika kumtsinje. Tsache la a Mahanushi linasiya kulira kumbuyo kwanga.

"Iwe Buruzo, ngamila ziti? Unabwera chimanjamanja, n'kuba kadothi kokapaka bulu wako wa chipere. Taona uko, thabwa layambanso kuonekera kumiyendo. Tenga dengu ili, uthamange."