Fuwa Lachitatu

Ndikawakumbuka a Mbewe, amene nyumba yawo inayang'anana ndi yathu ku Mlolo, ndimamva fungo la nsawa zopserera. Anali mdala wosalankhulalankhula, wopanda zala ziwiri kudzanja lamanzere. Akafuna kuswa mphanje ankayamba agwada, n'kumabaya nthaka pang'onopang'ono ndi sipoko ya njinga, moipendeketsa, ngati akufunafuna singano. Ife ana tinkawatcha a Gwadani, n'kumaseka kuseri kwa nkhokwe.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, fuwa limodzi la m'khitchini mwathu linasweka, ndipo amayi anandituma kukafuna mwala wina. Kumtsinje, pamene madzi anagumula gombe, ndinapeza chitsulo chadzimbiri, chonenepa ngati chipanda, chokhala ndi timapiko kumchira. Ndinachisenza pamutu mpaka kunyumba.

"Ichi ndiye sichidzasweka," anatero amayi mokondwa. Anakumba pang'ono, n'kuchiimika pambali pa mafuwa awiri aja, n'kusonkha moto, n'kuteleka phale la nsawa.

Utsi utangoyamba kutuluka padenga, a Mbewe anabwera kudzapala moto. Anawerama pakhomo, anati "Odi," kenako anangouma.

"Naphiri, musagwedezeke," anawauza amayi.

Amayi anaseka. "Mwaona njoka kodi, a Mbewe? Kapena ndi nsawazi zakudololani?"

"Gwirani mwana dzanja. Tulukani pang'onopang'ono. Phale musalikhudze."

Mawu amenewo sitinawamvepo kwa iwo. Tinatuluka, ndipo tili patali pansi pa mtengo wa mango tinawaona pakhomo lotsekula atagwada mmene ankagwadira kumunda. Ankasolola nkhuni imodziimodzi, kenako n'kumakokera makala kumbali ndi manja awo enieni. Nsawa zinapserera, utsi wakuda uli tolotolo, iwo osatsokomola n'komwe.

Atatuluka, zikhatho zili matuza okhaokha, anati, "Limeneli ndi bomba. Iwe mwana, unalibweretsa bwanji?"

"Pamutu, agogo."

A Mbewe anakhala pansi pafumbi. Amayi anandigwira mutu ndi manja awiri.

Tsiku lomwelo a Mbewe anatulutsa mabanja onse oyandikana nafe, anazunguliza khitchini ndi nthambi zaminga, n'kutuma amalume panjinga kukanena kupolisi ku boma. Patapita masiku awiri kunabwera asilikali. Wamkulu wawo atacheza ndi a Mbewe pambali, tinangoona wawaimira njo, n'kuwachitira sawatcha, mdala wa kabudula wazigamba yemwe uja. Asilikaliwo anaunjika matumba a mchenga, n'kuphulitsira bombalo pomwepo. Nthaka inandimenya kumapazi. Pamene panali khitchini panatsala dzenje, ndipo chidutswa cha mphika wathu tinakachitola pafupi ndi khola la eni ake.

Madzulo ake, amayi akuwamanga nsanza m'manja, a Mbewe analankhula kwambiri kuposa masiku onse.

"Ku usilikali ine ndinali m'gulu la mainjiniya. Ntchito yathu inali kumanga milatho ndi kutsegula njira kuti anzathu adutse. Nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inkasefukira kuno, tinkazula mabomba okwiriridwa m'malire, titagwada, tsiku lonse. Ife tinkatsogola, ena n'kumaponda pamene taponda." Anakweza dzanja lamanzere lija. "Ziwirizi zinatsala komweko."

Kenako ananditembenukira. "A Gwadani, eti?"

Ndinabisa nkhope m'chitenje cha amayi. Sindinkadziwa kuti ankamva.

A Mbewe anatisiya kalekale. Ine tsopano ndili ndi mwana wanga, Chisomo, amene amatola chilichonse n'kuthamanga nacho kwa ine, ndipo akabwera manja ali kumbuyo mtima umandithawa. Ndine munthu wamanyazi, pagulu sinditha kulankhula. Koma ndikalowa m'khitchini mwa munthu, ngakhale moni ndisanapereke, maso anga amathamangira pamoto. Apongozi anga amati ndine wosusuka, ndimasuzumira miphika ya eni. Ine ndimakhala ndikuyang'ana mafuwa, kuti ndione ngati onse atatu ndi miyala.