Suti ya a Wailesi

Dzina loti a Wailesi sanalipemphe, koma sanalikanenso. Munthu ankalowa m'kachipinda kawo kometeramo tsitsi akungofuna kuchepetsa ndevu, n'kutulukamo akudziwa chifukwa chake mafuta akusowa, nduna iti yanenepa, komanso mmene ngalande ya m'munsi mwa phiri inathera pakamwa pa andale. Ankameta pang'onopang'ono dala. Nanga lumo lili pakhosi, ndani angatsutse? Aliyense ankangoti, "Zoona, a Wailesi," ndipo iwo ankapita kunyumba akukhulupirira kuti tauni yonse ikugwirizana nawo.

Ntchitoyi anaiyambira pansi pa mtengo, ndi lumo limodzi ndi kachidutswa ka galasi. Kenako anapeza chipinda m'mbali mwa msewu, mpando wozungulira ndi mashini amagetsi omwe ankagona tsiku lonse magetsi akathima. Anakwatira mkazi wodziwa kusita, namanga nyumba kumtunda, m'chiuno mwa phiri, kumene malo anali otsika mtengo. Mayiwo anali ndi lamulo limodzi lokha. Kukhale ukwati, maliro kapena alendo, ankaimirira pakhomo manja m'chiuno, n'kuwayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Bambo, bwererani. Musakaonekere kwa anthu ngati mulibe mkazi."

N'chifukwa chake suti yawo yotuwa sinkakhala kunyumba, kumene utsi wa makala ukanaidetsa. Inkapachikidwa kushopu, kuseri kwa galasi, m'thumba lapulasitiki, yositasita kale. Mayiwo ankati mlendo sapangana tsiku.

Pakhonde la shopu yomweyo pankakhala mng'ono wawo, wosoka nsapato, amene anthu ankamutchula kuti Kachetechete. Mayi awo ali moyo ankanena kuti Mulungu anapereka pakamwa pa ana onse awiri kwa wamkulu. Munthu ankamupatsa nsapato, iye n'kuigwedezera mutu, basi nkhani yatha. A Wailesi ankamumvera chisoni mng'ono wawoyo, ndipo tinene zoona, chisonicho chinkawakomera. Kukhala ndi m'bale womumvera chisoni kumanenepetsa mtima.

Namondwe atabwera, mvula inagwa osapuma mpaka nthaka inakhuta. M'mawa wina abale awiriwa anatsikira kumsewu kukaona ngati madzi sanalowe m'shopu. Ali komweko anamva mkokomo ngati malole ambiri akutsika limodzi. Phiri linagumuka. Matope, miyala ndi mitengo zinakokolola nyumba, n'kung'amba chigwembe chachikulu pakati pa mudzi. Nyumba ya Kachetechete inali kumunsi, pafupi ndi msewu. Ya a Wailesi inatsala kumtunda, kutsidya kwa chigwembecho. Zonse ziwiri zinakwiririka, ndipo m'zonse ziwiri munali akazi awo.

Boma linayamba ndi kukhala chete. Kenako linatumiza helikopita, yomwe inazungulira phiri, kuuluza malata otsala, n'kubwerera. Madzulo ake nduna inalankhula pa wailesi yeniyeni kuti zonse zili m'chimake. Opulumuka anali ataunjikana m'makalasi a sukulu, opanda bulangete, opanda fosholo, ndipo mawu amenewo anawapsetsa mtima kuposa njala. Anaguba kupita ku ofesi ya boma, naipaka matope mpaka mawindo. Patsogolo panali a Wailesi, maso ofiira, mawu atasasa. Zimene anakhala akulosera zaka zonsezi zinali zitachitika, koma panalibe chokondweretsa, chifukwa akazi awo anali pansi pa phiri.

Kachetechete sanagube nawo. Anatola mbale yachitsulo yophwanyika, nakagwada pamene panali nyumba yake, n'kuyamba kufukula matope. Atolankhani akunja atafika anamupeza pomwepo: munthu mmodzi, mbale imodzi, phiri lonse kumbuyo kwake. Womasulira wawo anamufunsa kuti boma lili kuti. Iye sanadzutse n'komwe mutu.

"Likabwera muliuze kuti tayamba kale."

Mawu okhawo! Munthu amene sanamalizepo chiganizo pa ukwati wake womwe. Chithunzi chimene anamujambula chinazungulira dziko lonse lapansi. Mawailesi akunja anawabwereza mawuwo m'zilankhulo zomwe Kachetechete sanazimvepo. Akazembe anayamba kufunsa mafunso, mabungwe akunja akuti thandizo lawo silidzeranso m'manja mwa boma, ophunzira akusindikiza mbale ija pamalaya. Boma likhoza kupirira kulira kwa anthu ake, koma kusekedwa ndi alendo silitha. Posakhalitsa lole inatsitsa katapila pamsewu, ndipo chimakinacho chinalunjika pamalo a Kachetechete ngati chinabadwira pomwepo. Pambuyo pake pankabwera nduna, itavala majombo atsopano.

Mkazi wa Kachetechete anapezeka tsiku lomwelo. Anasambitsidwa, anaikidwa m'bokosi lonyezimira, nduna inalankhula, kwaya inaimba. A Wailesi anaima pamanda monga mkulu wa banja, ndipo chimene chinali mumtima mwawo sichinali chisoni chokha. Inali nsanje. Anachitira nsanje bokosilo, nkhata zamaluwa, ngakhale dzenje lenilenilo, lokumbidwa bwino, la ngodya zowongoka. Mng'ono wawo anali ndi pokagwada n'kulira. Iwo anali ndi phiri. Ankadziwa kuti kusirira maliro a m'bale wako n'chinthu chonyansa, koma mtima sumva manyazi. Anadya nawo chakudya cha pamaliro chikuwawira m'kamwa.

Ndiye mawu aja. Amenewo ndiwo ankawasowetsa mtendere. Kusukulu kuja aliyense ankangoti "tayamba kale, tayamba kale," ngakhale ana potunga madzi.

"Mukuganiza kuti anawatenga kuti?" a Wailesi ankafunsa aliyense wokhala nawo pafupi. "Zaka zonsezi ali pakhonde panga, khutu lili kukhomo. Ine ndalankhula mpaka mano kugwedera, palibe anandijambula. Iyeyu kungoyasamula kamodzi, basi katapila!"

Anthu ankangoyang'ana kumbali. Pakhosi pawo panalibenso lumo.

Kenako kunamveka nkhani ziwiri. Yoyamba inali yoti boma lisiya kukumba, lidzangomanga chipilala cha chikumbutso m'munsi mwa phiri, otsala pansiwo agone momwemo. Yachiwiri inali yoti atolankhani aja adutsanso m'mawa mwake asanakwere ndege. A Wailesi sanali opusa. Anali ataona kuti katapila amatsatira kamera monga galu atsatira mwini wake. Kamera ikangoyang'ana kumtunda, chimakinacho chipeza njira yowolokera chigwembe, ndipo akazi awo atuluka. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo za malumo iwo ankazidziwa.

Tsono anachita zimene munthu woleredwa bwino amachita alendo akamabwera. Anapita kushopu, kumene madzi anangofika m'maondo, natsitsa suti ija kuseri kwa galasi. Mizere ya simbi ya akazi awo inali ikadali chilili pathalauza. Anadzimeta okha mosamala, anasamba ndi madzi a m'chidebe, anamanga tayi, anapukuta nsapato mpaka kuwala. Kuti zisade, anazikulunga m'mapepala apulasitiki n'kukazivundukula atafika pamsewu. Mawu anali atawakonza bwino: chiyambi, pakati ndi mathero, za ngalande, za helikopita, za mkazi amene ali kumtunda uko. Pakati pa anthu ovala matope, a Wailesi ankaoneka ngati mkwati.

Galimoto ya atolankhani itaima, anapita kutsogolo natambasula dzanja.

"Takulandirani. Ine ndili ndi mawu."

Womasulira, mnyamata wa mumzinda wina amene sankawadziwa, anayang'ana tayi, anayang'ana nsapato.

"Pepani bwana, a boma tilankhula nanu masana ku ofesi. Pano tikufuna anthu okhudzidwa."

A boma! Iwo, a Wailesi, amene anatukwana boma lililonse kuyambira ali pansi pa mtengo! Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mawu anawathawa, ndipo chiyambi, pakati ndi mathero zinasanduka kachiganizo kamodzi.

"Mkazi wanga ali pansi apo."

"Chabwino bambo, tibweranso," anatero mnyamatayo, maso ali kale kwina.

Wojambula wa gululo anawayang'ana kamphindi, anamwetulira mwaulemu, n'kutembenuzira kamera kwa mayi wina wopanda nsapato amene ankachapa poto m'chithaphwi. Kenako gulu lonse linathamangira kwa Kachetechete, kukamukumbatira ndi kumujambulanso atanyamula mbale ija. A Wailesi anaona mng'ono wawo akuloza kumtunda, akulozanso kwa iwo, milomo ikuyenda movutikira. Alendowo anagwedeza mitu mwachisoni, akuyang'ana mawotchi. Kunali kutagwa chivomezi kudziko lina, ndipo ndege sidikira. Mlendo ndi mame. Dzuwa lisanafike pamutu anali atapita, ndipo masana omwewo katapila anakwezedwa palole.

A Wailesi anamupeza mng'ono wawo kuseri kwa sukulu, ndipo zonse zimene analephera kuuza dziko lapansi anazikhuthulira pa iye.

"Wakondwa eti? Wako wagona m'bokosi la boma, nduna yakugwira chanza, nkhope yako ili pamalaya a anthu. Ine ndakulera, ndakupatsa khonde, sindinakulipiritsepo. Lero ndiwe munthu wamkulu. Unalephera chiyani kuwauza tsiku loyamba lija kuti mlamu wako nayenso ali pansi? Pakamwa panatseguka pa zako zokha?"

Funso limenelo linali ndi chilungamo chake, ndipo Kachetechete analimva. Anawerama, nachokapo. A Wailesi anaganiza kuti wathawa, ndipo anakondwa pang'ono kuti amupweteka. Koma posakhalitsa anabwerera atasenza mafosholo awiri atsopano, mphatso ya alendo aja.

"Achimwene, vulani jekete."

"Sindivula."

"Ida ndi matope."

"Ndati sindivula. Ndikupita kwa mlamu wako."

Anawoloka chigwembe chokwawa, akugwira mizu. Kumtunda kunalibe msewu, kunalibe mpanda, kunalibe chilichonse chosonyeza kuti panakhalapo anthu. Malo anawazindikira ndi chitsa cha mtengo wa mapeyala umene mayi aja ankamangapo chingwe choyanikira zovala. Anayamba kukumba pamenepo.

Ngakhale apo nsanje sinawasiye. Manja awo, ozolowera lumo ndi chipeso, anatuluka matuza dzuwa lisanapendeke, pamene Kachetechete ankangoponya dothi ngati makina, osapuma, osadandaula. Anthu ena a kusukulu kuja atamva kuti "wa mbale uja" akukumba kumtunda, anabwera ndi makasu ndi mawilibala. A Wailesi anawathokoza, koma mumtima ankadziwa kuti sanabwerere iwo. Ngakhale thandizo lokumba mkazi wawo linadzera m'dzina la mng'ono wawo, ndipo anayenera kulimeza lonse, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anakumba tsiku limenelo, ndi lotsatira, ndi ena. M'mawa uliwonse a Wailesi ankavala suti yomweyo. Tayi inasanduka chingwe chamatope, thalauza linang'ambika pabondo, mizere ya simbi ija inafafanizika. Ndevu zinamera, ndipo wometa tauni yonse analibe nthawi yodzimeta. Kumunsi, amisiri a boma anali atayamba kale kuthira simenti ya chipilala. Wojambula akanabwera tsopano akanapeza chithunzi chabwino kwambiri, koma panalibe wojambula.

Tsiku lina chakumasana fosholo ya Kachetechete inagunda chitsulo. Anthu anasiya kukumba. Anafukula ndi manja mpaka linaonekera lata lobiriwira, lopindika, la denga la kuchipinda. Amayi amene anali pamenepo anafunda nsalu kumutu, nayamba kulira chapansipansi. Kachetechete anagwira m'mphepete mwa latalo, nayang'ana mkulu wake kuti amulole.

"Dikira," anatero a Wailesi.

Anaimirira m'dzenjemo, nadziyang'ana kuyambira pachifuwa mpaka kuphazi, monga ankawayang'anira munthu wina pakhomo. Anayesa kuwongola tayi. Anayesa kupukuta kolala ya jekete, koma manja anali amatope, ndipo pamene ankapukuta m'pamene pankaderatu. Anapukutabe, mobwerezabwereza.

"Taona mmene ndikuonekeramu," anatero. "Andiona ngati ndilibe mkazi."

Kachetechete anavula malaya ake, napukuta nkhope ya mkulu wake ndi mbali yoyera, n'kumukonzera kolala. Kenako awiriwo anawerama, nanyamula latalo.